Abraham de Moivre

Abraham de Moivre (26 Meyi 1667 – 27 Novembala 1754) anali katswiri wa masamu wobadwira ku France, koma anakhala zaka zoposa 65 mumzinda wa London ku England, komwe anathawira chifukwa cha chizunzo cha chipembedzo. Amadziwika kwambiri ndi buku lake lotchedwa The Doctrine of Chances, lomwe linatuluka koyamba mu 1718 ndipo linakhala buku lalikulu lophunziramo masamu a mwayi kwa zaka zambiri. M'bukuli anasiyanitsa zochitika zosadalirana ndi zochitika zodalirana, n'kusonyeza mmene mwayi umasinthira pamene munthu akutola zinthu pagulu koma osabwezera zimene watola kale. Analembanso za kawerengedwe ka ndalama za penshoni ndi inshulansi ya moyo, anali woyamba kupeza mzere wooneka ngati belu womwe akatswiri a ziwerengero amagwiritsa ntchito masiku ano, ndipo pali lamulo lina la masamu lomwe limatchedwa ndi dzina lake. Ngakhale anali mnzake wa Isaac Newton, sanalembedwepo ntchito pa yunivesite iliyonse, ndipo anakalamba akudya za uphunzitsi woyenda khomo ndi khomo.

Ubwana ndi maphunziro

De Moivre anabadwira m'tauni ya Vitry-le-François, m'chigawo cha Champagne. Bambo ake, a Daniel, anali dokotala wochita maopaleshoni. Sanali olemera, koma ankaikirapo mtima pa sukulu ya ana awo. Banjali linali la Chipulotesitanti, m'gulu la otsatira chiphunzitso cha John Calvin omwe ku France ankatchedwa a Huguenot. Anthu ambiri m'dzikomo, kuphatikizapo mfumu, anali Akatolika, ndipo a Huguenot ankapembedza motetezedwa ndi lamulo la ku Nantes lomwe Mfumu Henri IV inakhazikitsa mu 1598.

Abraham anayamba sukulu kwa ansembe Achikatolika m'tauni yakwawo. Ali ndi zaka 11 anatumizidwa kusukulu ya Apulotesitanti ku Sedan, komwe anaphunzira Chigiriki kwa Jacques du Rondel. Boma litatseka sukuluyi, anapita ku Saumur, ndipo kuyambira 1682 mpaka 1684 anaphunzira za kaganizidwe kolondola. Masamu ankangodziwerengera yekha. Limodzi mwa mabuku omwe anawerenga pa nthawiyi linali kabuku ka Christiaan Huygens wa ku Netherlands, De ratiociniis in ludo aleae, ka mu 1657, komwe kanali koyamba kusindikizidwa pa nkhani ya masamu a mwayi. Kumapeto kwake kunali mafunso asanu osiyira owerenga, ndipo ena mwa mafunsowo anali okhudza munthu womangidwa m'maso yemwe akutola timiyala toyera ndi takuda pamulu. De Moivre anadzawabwereranso mafunsowa ali munthu wamkulu.

Mu 1684 anasamukira ku Paris, komwe anaphunzira fizikisi pasukulu ya Collège d'Harcourt. Kumeneko ndi komwe anayamba kuphunzitsidwa masamu mwadongosolo ndi Jacques Ozanam.

Kuthawira ku England

Mu Okutobala 1685 Mfumu Louis XIV inafafaniza lamulo la ku Nantes lija. Matchalitchi a Apulotesitanti anagwetsedwa, sukulu zawo zinatsekedwa ndipo abusa awo analamulidwa kutuluka m'dziko, pamene anthu wamba analetsedwa kuchoka ndipo ankaumirizidwa kulowa Chikatolika. De Moivre anali ndi zaka 18. Anatsekeredwa m'nyumba ya amonke ya Saint-Martin ku Paris, komwe ankafuna kuti asiye chipembedzo cha makolo ake. Atatuluka anawoloka nyanja, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti 1687 iye ndi mng'ono wake Daniel anali atalandiridwa mumpingo wa Apulotesitanti olankhula Chifalansa wa ku Savoy mu London. Sanabwererenso kwawo mpaka imfa yake.

A Huguenot pafupifupi 200,000 anathawa ku France m'zaka zimenezo. Ambiri anapita ku Netherlands, England, Switzerland ndi madera a Germany. Ena ochepa anakafika ku Cape mu 1688 n'kulowa mpingo wa Dutch Reformed, womwe patapita zaka 200 unadzatsegula mishoni ya Mvera m'boma la Dowa mu 1889. Liwu la Chingerezi lakuti refugee, lomwe lero limamveka kawirikawiri ponena za anthu okhala ku Dzaleka m'boma lomweli, linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa pa nthawi ya a Huguenot amenewa.

Uphunzitsi ndi ubwenzi wake ndi Newton

Ku London, de Moivre ankapeza chakudya pophunzitsa masamu ana a anthu olemera. Ankayenda wapansi kuchoka pakhomo lina kupita pa lina, tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ali kunyumba kwa mfumu ya ku Devonshire anaona buku la Newton lomwe linali litangotuluka kumene mu 1687, la Principia. Atalitsegula anazindikira kuti masamu omwe ankadziwa anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zinali m'bukumo. Anagula lake, n'kulithothola masamba, ndipo ankayenda ndi masamba angapo m'thumba kuti aziwerenga panjira ndiponso pamene akudikira wophunzira wotsatira. Mwa njira imeneyi analimaliza buku lonse.

Mu 1692 anadziwana ndi Edmond Halley, katswiri wa zakuthambo yemwe ankagwira ntchito kubungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, ndipo posakhalitsa anadziwananso ndi Newton. Mu 1695 Halley anapereka kubungweli nkhani yoyamba ya de Moivre, yokhudza masamu a calculus monga momwe Newton anawayalira. Mu Novembala 1697 de Moivre anasankhidwa kukhala membala wa bungweli, ndipo mu 1705 anakhala nzika ya England. Newton ankamudalira kwambiri. Anamupatsa ntchito yoyang'anira kasindikizidwe ka buku lake la zakuwala m'Chilatini mu 1706, ndipo atakalamba ankatumiza kwa de Moivre anthu obwera ndi mafunso ovuta a masamu. Mu 1712 de Moivre anaikidwa mukomiti yomwe Royal Society inakhazikitsa kuti iweruze mkangano wa Newton ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany pa nkhani ya yemwe anayamba kutulukira calculus. Komitiyo inakomera Newton.

Ena mwa ophunzira ake anadzakhala anthu otchuka. Martin Folkes ndi George Parker, onse awiri, anadzakhala atsogoleri a Royal Society.

Masamu a mwayi

Mu 1711 de Moivre anasindikiza nkhani yaitali ya m'Chilatini yotchedwa De Mensura Sortis m'magazini ya Royal Society ya Philosophical Transactions. Munali mafunso 26 okhudza masewera a mwayi, ena mwa iwo ofunsidwa ndi mnzake Francis Robartes, ena otengedwa kwa Huygens. Nkhaniyi inakhumudwitsa Pierre Rémond de Montmort wa ku France, yemwe anali atatulutsa buku lake pa nkhani yomweyo mu 1708, ndipo ankaona kuti de Moivre wapeputsa ntchito yake. Montmort anayankha mwaukali m'buku lake la mu 1713. Awiriwa anakumana ku London mu 1715 ndipo kwa kanthawi ankalemberana makalata mwaulemu, koma nkhani ya yemwe anayamba kupeza chakutichakuti sinazime mpaka Montmort anamwalira mu 1719.

The Doctrine of Chances inatuluka mu 1718, ndipo de Moivre anailemba m'Chingerezi kuti anthu osadziwa Chilatini athe kuwerenga. Analipereka bukuli kwa Newton monga ulemu. Linasindikizidwanso litawonjezeredwa mu 1738, kenako mu 1756 mwini wake atamwalira kale. Mafunso ambiri m'bukuli ndi a masewera a makhadi ndi madayisi omwe anthu a ku London ankatchova pa nthawiyo, monga Pharaon, Bassette, Piquet, Whist ndi Hazard, komanso a malotale. Koma mawu oyamba a bukuli amayala malamulo omwe amagwira ntchito paliponse pomwe pali mwayi.

Lamulo loyamba ndi lakuti mwayi umalembedwa ngati gawo. Pamwamba pamakhala chiwerengero cha njira zomwe chinthu chingachitikire, pansi pamakhala chiwerengero cha njira zonse zotheka. Ngati pamulu pali makhadi 13 ndipo limodzi lokha ndi la A, mwayi wotola khadi limenelo ndi 1/13. Chinthu chosatheka mwayi wake ndi 0, ndipo chinthu chosalephera mwayi wake ndi 1.

Zochitika zodalirana

De Moivre anafotokoza kuti zochitika ziwiri ndi zosadalirana ngati kuchitika kwa china sikuthandiza kapena kulepheretsa chinzake, ndipo ndi zodalirana ngati kuchitika kwa china kumasintha mwayi wa chinzakecho. Pofuna kuti kusiyanaku kuoneke, anapereka zitsanzo ziwiri za makhadi zomwe zimafanana kwambiri.

Pachitsanzo choyamba pali milu iwiri, uliwonse wa makhadi 13 a mtundu umodzi. Munthu akutola khadi limodzi pamulu uliwonse osayang'ana, ndipo akufuna kuti onse awiri akhale a A. Zomwe zachitika pamulu woyamba sizikhudza mulu wachiwiri, choncho mwayi ndi 1/13 × 1/13, womwe ndi 1/169.

Pachitsanzo chachiwiri mulu ndi umodzi wokha wa makhadi 13. Munthu akufuna kuti khadi loyamba likhale la A ndipo lachiwiri likhale la 2. Mwayi wa khadi loyamba ndi 1/13 monga poyamba. Koma A uja akachoka, pamulu patsala makhadi 12 okha, ndiye mwayi woti lachiwiri likhale la 2 ndi 1/12. Mwayi wa zonse ziwiri ndi 1/13 × 1/12, womwe ndi 1/156.

Lamulo lake ndi ili: kuti tipeze mwayi woti zochitika ziwiri zodalirana zichitike, timatenga mwayi wa choyamba n'kuchulukitsa ndi mwayi womwe chachiwiri chimakhala nawo tikaganiza kuti choyambacho chachitika kale. Zikakhala zitatu kapena zambiri timapitiriza chimodzimodzi, ndipo pa sitepe iliyonse timawerenganso zomwe zatsala. Munthu akamabwezera chomwe watola, mulu umabwerera mwakale ndipo zochitikazo sizidalirana. Akapanda kubwezera, kutola kulikonse kumasintha mulu womwe wotsatira aupeze.

Funso lachinayi la Huygens, lomwe de Moivre analiyankha, limasonyeza kuti kusiyanaku sikwamasewera. Pali timiyala 12, tinayi toyera ndipo 8 takuda. Munthu womangidwa m'maso akubetcha kuti akatola timiyala 7, titatu mwa ito tikhala toyera. Njira zosankhira timiyala 7 pa 12 zilipo 792. Njira zosankhira toyera titatu pa tinayi zilipo 4, ndipo zosankhira takuda tinayi pa 8 zilipo 70, kotero njira zomukomera zilipo 4 × 70, zomwe ndi 280. Mwayi wake ndi 280/792, kapena kuti 35/99, pafupifupi 35 pa 100. Akanakhala kuti akubwezera kamwala kalikonse asanatole kena, mwayi ukanakhala 560/2187, pafupifupi 26 pa 100 basi. Wobetcha yemwe wasokoneza njira ziwirizi amaika ndalama zake pamtengo wolakwika. Kawerengedwe kotereka m'mabuku a masiku ano kamatchedwa hypergeometric distribution.

De Moivre anasonyezanso pomwe kusiyanaku kumachepa. M'funso lina la m'bukuli muli lotale ya matikiti 40,000, ndipo atatu mwa iwo ali ndi mphoto zapadera. Munthu wagula matikiti 8,000, ndipo funso ndi lakuti ali ndi mwayi wotani wopeza mphoto imodzi kapena kuposa. Mwayi woti mphoto zonse zitatu zigwere pa matikiti omwe sanagule ndi 32,000/40,000 × 31,999/39,999 × 31,998/39,998. Popeza matikiti ndi ochuluka, kuchotsapo imodzi kapena ziwiri sikusintha zambiri, ndipo gawo lililonse lili pafupi kwambiri ndi 4/5. Yankho limayandikira 64/125, choncho mwayi wopezako mphoto ndi pafupifupi 61/125. Phunziro lake ndi lakuti kusabwezera kumakhala ndi mphamvu yaikulu pamulu waung'ono, koma pamulu waukulu mphamvuyo imazirala.

Zitsanzo za kuno kwathu

Lamulo limeneli limagwira ntchito pa zinthu zomwe anthu amachita tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze kuti pamsika wa Mponela munthu akugulitsa mazira 12 m'mbale, ndipo anayi mwa iwo ndi owonongeka koma sakuoneka kunja. Wogula akatola awiri, mwayi woti onse akhale abwino ndi 8/12 × 7/11, womwe ndi 14/33, pafupifupi 42 pa 100. Akatola atatu, mwayi ndi 8/12 × 7/11 × 6/10, womwe ndi 14/55, pafupifupi 25 pa 100. Munthu woiwala kuti dzira lotoledwa silibwerera m'mbale angachulukitse 8/12 katatu n'kupeza pafupifupi 30 pa 100, yankho lomwe ndi lokwera kuposa zoona. Kulakwaku kumaonekera poyera wogula akafuna mazira 9: njira yolakwikayo imasonyeza kuti mwayi ulipobe woti onse akhale abwino, chonsecho abwino alipo 8 okha. Koma mlimi wa ku Ntchisi akatapa njere 20 m'thumba lodzaza mtedza kuti aone ngati mbewu yake imera, njerezo ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zatsala m'thumba, ndipo zikufanana ndi nkhani ya lotale ija.

Chitsanzo china ndi cha mayere. Tiyerekeze kuti amayi 10 a m'mudzi wina m'dera la Mfumu Dzoole ali pa chipereganyu, ndipo akufuna kusankha woyamba kulandira ndalama. Alemba chizindikiro pakapepala kamodzi, apinda timapepala 10 n'kutiika m'lichero, ndipo aliyense akutola kamodzi. Nthawi zambiri anthu amalimbirana kutola poyamba poopa kuti kapepala kachizindikiro katengedwa iwo asanafikepo, pamene ena amafuna kutola pomaliza poganiza kuti timapepala tikachepa mwayi umakula. Masamu amasonyeza kuti onse ali ndi mwayi wofanana. Woyamba ali ndi 1/10. Kuti wachiwiri apambane, pamafunika kuti woyamba aphonye, zomwe mwayi wake ndi 9/10, kenako iye atole kapepala koyenera pa 9 totsala, ndipo 9/10 × 1/9 ndi 1/10. Wachitatu ali ndi 9/10 × 8/9 × 1/8, womwe ndi 1/10 ndithu, ndipo zimatero mpaka kwa womaliza. Chomwe chimasintha mwayi ndi kudziwa zomwe zatuluka kale. Amayi 6 akatsegula timapepala tawo n'kupeza kuti tilibe chizindikiro, anayi otsalawo aliyense amakhala ndi 1/4. Koma mayere asanayambe, palibe malo pamzere omwe amaposa anzake.

Penshoni ndi utali wa moyo

M'nthawi ya de Moivre anthu a ku England ankagula mgwirizano wolipira ndalama zambiri kamodzi kuti azilandira ndalama chaka ndi chaka mpaka imfa. Minda ndi nyumba zinkabwereketsedwanso kwa nthawi yonse ya moyo wa munthu mmodzi, awiri kapena atatu otchulidwa m'pangano. Mtengo woyenera wa mapangano otere unkadalira zaka zomwe munthu angakhale ndi moyo. Mu 1693 Halley anali atasindikiza ndandanda ya imfa kuchokera m'kaundula wa mzinda wa Breslau, womwe lero ndi Wrocław ku Poland, koma kuwerengera pogwiritsa ntchito ndandandayo kunali kotopetsa chifukwa zonse zinkachitika pamanja.

M'buku la Annuities upon Lives, la mu 1725, de Moivre anapeza njira yachidule. Ataona ndandanda ya Halley, anayerekeza kuti pagulu la anthu a msinkhu umodzi, chiwerengero chofanana chimamwalira chaka chilichonse mpaka onse atatha pa zaka 86. Mwa njira imeneyi, munthu wa zaka 50 amawerengedwa kuti watsala ndi zaka zosapitirira 36, ndipo chaka chilichonse mwa zaka zimenezo chili ndi mwayi wofanana wokhala chomaliza. Izi zikufanana ndi timapepala 36 m'lichero, kamodzi kokha kachizindikiro, tomwe tikutoledwa kamodzi pachaka osabwezera. Mwayi womaliza chaka choyamba ali moyo ndi 35/36. Akapulumuka, mwayi womaliza chachiwiri ndi 34/35. Mwayi wopyola zaka zonse ziwiri ndi 35/36 × 34/35, womwe ndi 34/36, ndipo wopyola zaka 10 ndi 26/36. De Moivre ankadziwa kuti uku n'kuyerekeza chabe, koma mayankho ake ankayandikira a ndandanda ya Halley ndipo ankapezeka msanga. Akatswiri a inshulansi amatchulabe kuyerekezaku kuti lamulo la de Moivre.

Bukuli linabweretsa mkangano wina. Thomas Simpson anatulutsa buku la masamu a mwayi mu 1740 ndi lina la penshoni mu 1742, ndipo onse anali otchipa komanso otsamira kwambiri pa ntchito ya de Moivre. Kwa munthu yemwe ankadalira malonda a mabuku ake ndi malipiro a ophunzira, uku kunali kumulanda nsima pakamwa. De Moivre anadandaula poyera m'mawu oyamba a buku lake litasindikizidwanso mu 1743, ndipo Simpson anayankha chaka chomwecho.

Mzere wa belu ndi ntchito zina

Mu 1730 de Moivre anatulutsa buku la Miscellanea Analytica. M'menemo muli njira yoyerekezera yankho la kuchulukitsa manambala onse kuyambira 1 mpaka nambala yaikulu, njira yomwe James Stirling wa ku Scotland anaimalizitsa ndipo lero imatchedwa dzina la Stirling.

Mu Novembala 1733 anagawira anzake kapepala ka masamba 7 ka m'Chilatini, komwe anadzakamasulira m'Chingerezi n'kukaika mu The Doctrine of Chances ya mu 1738. Funso lake linali la zochitika zosadalirana zobwerezedwa kambirimbiri, monga kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Anasonyeza kuti ndalama ikaponyedwa maulendo 3,600, mwayi woti mbali ya mutu ioneke pakati pa maulendo 1,770 ndi 1,830 ndi pafupifupi 68 pa 100. Anapezanso kuti kutalikirana ndi pakati kumakula pang'onopang'ono kusiyana ndi chiwerengero cha maulendo: kuti kuwirikize kawiri, maulendo ayenera kuwirikiza kanayi. Mayankho amenewa akajambulidwa amapanga mzere wokwera pakati ndi wotsika mbali zonse ziwiri, ngati belu. Pierre-Simon Laplace anadzakulitsa mfundoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo Karl Pearson anakumbutsa akatswiri mu 1924 kuti woyamba kuipeza anali de Moivre. Mwini wake ankaona kuti dongosolo lomwe limatuluka m'zinthu zooneka ngati zangozi ndi umboni wakuti dziko lili ndi Mlengi wanzeru, ndipo analemba maganizo amenewa m'bukumo.

Lamulo lina lomwe limatchedwa dzina lake ndi la manambala ophatikiza i, nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka −1. Masiku ano limalembedwa chonchi: (cos x + i sin x)^n = cos nx + i sin nx. De Moivre anagwiritsa ntchito mfundoyi m'nkhani zake za mu 1707 ndi 1722, ngakhale kalembedwe kameneka kanadzakhazikika pambuyo pake kudzera mwa Leonhard Euler.

Ukalamba ndi imfa

Kutchuka kwa de Moivre sikunamupezetse ntchito yokhazikika. Ku England ankaonedwa ngati mlendo, pamene ku France sakanalembedwa ntchito chifukwa cha chipembedzo chake. Anapempha Johann Bernoulli kuti amulankhulire kwa Leibniz kuti mwina apeze malo pa yunivesite ina ku Ulaya, koma sizinatheke. Mu 1739, Nicholas Saunderson atamwalira, de Moivre anali mmodzi mwa ofuna mpando wa pulofesa wa masamu ku Cambridge, womwe kale unali wa Newton. Anali ndi zaka zoposa 70, ndipo mpandowo unapatsidwa kwa John Colson.

Akaweruka kophunzitsa, ankapezeka kunyumba yomweramo khofi ya Slaughter's mumsewu wa St Martin's Lane, komwe a Huguenot ambiri ankakumana. Otchova njuga ndiponso ogula ndi kugulitsa mapangano a penshoni ankamupeza kumeneko kuti awawerengere, n'kumulipira kangachepe. Sanakwatire. Kupatula masamu, ankakonda mabuku a kwawo, makamaka a Molière ndi a Rabelais.

Mu 1735 anasankhidwa kukhala membala wa bungwe la sayansi la ku Berlin. Bungwe la sayansi la ku Paris linamusankha mu 1754, kutatsala miyezi yochepa kuti amwalire. Pa nthawiyo maso ndi makutu anali atafooka, ndipo ankagona maola ochuluka kwambiri patsiku. Anamwalira ku London pa 27 Novembala 1754 ali ndi zaka 87, ndipo anaikidwa kutchalitchi cha St Martin-in-the-Fields. Pali nthano yotchuka yakuti anawerengeratu tsiku la imfa yake ataona kuti tulo take tikuwonjezeka ndi mphindi 15 tsiku lililonse, koma nthanoyi mulibe m'mbiri ya moyo wake yomwe Matthew Maty, yemwe ankadziwana naye, analemba mu 1755.

Kufunika kwa ntchito yake

Lamulo la zochitika zodalirana ndi lomwe Thomas Bayes anayambirapo m'nkhani yake yomwe inasindikizidwa mu 1763, yofufuza mmene tingayambire pa zomwe zaoneka n'kubwerera ku chomwe chinazichititsa. Masiku ano lamuloli limaphunzitsidwa m'masamu a kusekondale, kawirikawiri pojambula mtengo wa nthambi, pomwe nthambi iliyonse imalembedwa mwayi wake malinga ndi zomwe zatsala m'thumba. Limagwiranso ntchito poyesa katundu m'mafakitale, pomwe amatapa zinthu zochepa pagulu kuti aone ngati gulu lonse lili bwino, ndiponso pa kafukufuku wa mabanja monga yemwe ofesi ya boma ya ziwerengero ya National Statistical Office ku Zomba imachita, pomwe banja losankhidwa kale silibwezeredwa pamndandanda kuti lisankhidwenso. Makampani a inshulansi ndi a penshoni ali ndi ndandanda zolondola kuposa za m'nthawi ya de Moivre, koma amawerengabe mwayi wa moyo chaka ndi chaka mwa njira yomweyo, pochulukitsa mwayi wa chaka chilichonse ndi wa zaka zomwe munthu wapyola kale.